Ngwazi ya m'nthano ivale chiyani pa phiri la Zomba?

Achinyamata ambiri amene akulemba nkhani zopeka za maiko a m'maganizo, pamodzi ndi anzawo ojambula zithunzi za m'mabuku ndi za pa kompyuta, akafika poti amuveke mtengambali wawo wamkulu, dzanja limathamangira ku chitsulo. Amamupatsa chisoti chobisa nkhope, chapachifuwa chonyezimira, lupanga lalitali, mwinanso kavalo. Akatero amamutcha dzina lakwathu n'kumuimika pakamwa pa dzenje la Chingwe kapena pa mathithi a Mulunguzi, poganiza kuti dzina ndi malo zakwana kumusandutsa mwana wa kuno. Sizikwana. Chovala chankhondo si chokongoletsera choti n'kuchivula pa msilikali wa ku France wa m'zaka za m'ma 1400 n'kukachikoleka pa mnyamata wa kwa Malemia. Chimabadwa poyankha chida chimene mdani wanyamula, nyengo ya dzikolo ndi chuma chimene eni ake ali nacho, moti ukachichotsa m'dziko lake chimasanduka katundu wolemetsa chabe. Zomba ili ndi mbiri yolembedwa bwino kuyambira 1859, ndipo mbiriyo ikuonetsa kuti kuno chitetezo cha munthu wankhondo sichinali chitsulo chokuta thupi. Chinali m'dzanja lake, m'khungu lake, m'phiri limene ankathawirako, ndi m'chizindikiro chosonyeza kuti iye ndi munthu wa yani. Wolemba amene akufuna ngwazi yokhulupirika ayambire pamenepo.

Chitsulocho chinalowa m'maganizo mwathu kudzera m'mabuku. Buku Lopatulika, limene kumasulira kwake kunatha mu 1922, linatidziwitsa Goliati ndi malaya ake amkuwa, ndiponso zida zimene Paulo akutchula m'kalata ya kwa Aefeso. Mafilimu ndi masewera a pa kompyuta anadzamanga pa maziko amenewa. Koma nkhani ya Davide yomweyo ili ndi phunziro limene ojambula athu amalilumpha: mnyamatayo anavula zovala za Sauli chifukwa sanazizolowere, n'kupita ndi chida cha kubusa. Ngakhale J.R.R. Tolkien, amene ambiri amamutsanzira, sanatole zovala za anthu ake mumlengalenga. Anali mphunzitsi wa Chingelezi chakale ku Oxford, wozama pa ndakatulo ya Beowulf, ndipo okwera akavalo a ku Rohan m'buku la The Lord of the Rings, lotuluka mu 1954 ndi 1955, anawaumba kuchokera ku makolo a Angelezi, mpaka iye mwini analoza ku nsalu ya Bayeux pofotokoza mavalidwe awo. Wotsanzira malaya a Tolkien osatsanzira khama lake lofukula mbiri ya kwawo watola makoko n'kusiya chipatso.

Pamene David Livingstone ndi John Kirk anafika ku nyanja ya Chilwa mu April 1859, anapeza Amang'anja okhala m'midzi yambiri m'munsi mwa mapiri, anthu odziwa ntchito zamanja. Ankasungunula chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu, nkhwangwa, mipeni, mikondo, nsonga za mivi ndi zibangili. Ankalima thonje la mitundu iwiri, tonje manga lochokera kunja ndi tonje kadja lakwawo, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi opota ulusi ndi owomba nsalu. Amuna ankakonza tsitsi mwaluso, ena n'kuliumba ngati nyanga za njati, pamene amayi ankavala pelele pamlomo wam'mwamba, wa nsungwi, wa chitini kapena wa mnyanga wa njovu malinga ndi ulemerero wa mwiniwake, ndipo matupi anali ndi mphini zosonyeza mtundu. Chida chawo chachikulu chinali uta ndi mivi, ina yopakidwa ulembe. Ulembe wa kombe, umene Kirk anatenga n'kutumiza kwawo, unali waukali moti Thomas Fraser wa ku Edinburgh anadzatulutsamo mankhwala a mtima. Apa pali mfundo yoti wojambula aisinkhesinkhe. Muvi wa ulembe sufuna chifuwa. Ukangokanda mwendo kapena mkono, ntchito yatheka. Chapachifuwa chachitsulo chikanateteza malo amodzi n'kumulanda munthuyo liwiro, pamene moyo wake unkadalira kuwerama msanga, kubisala m'udzu wautali ndi kuona mdani iye asanakuone. Mlenje wa Chimang'anja wovala kansalu kowomba yekha, phodo kumsana, mpeni m'chiuno, tsitsi lake litaima ngati nyanga, sanali msilikali wosauka amene anasowa zida. Anavala moyenera nkhondo imene ankaidziwa.

Wina anganene kuti popeza chitsulo chinalipo ndipo amisiri analipo, palibe choletsa wolemba kuyerekeza kuti tsiku lina anasula malaya achitsulo. Angawonjezenso kuti Africa siinali yachilendo ku zoterezi, pakuti ku Bornu ndi kwa Ahausa, kumadzulo, asilikali ankavala malaya a unyolo ndi zovala zochindikala za thonje, iwo pamodzi ndi akavalo awo. N'zoona, koma mawu ofunika pamenepo ndi akavalo. Zovala zachitsulo zokwanira thupi lonse za ku Ulaya zinkalemera makilogalamu 20 mpaka 25, ndipo zinakula limodzi ndi nkhondo ya pa kavalo. M'chigwa cha Shire ndi m'madambo a Chilwa kashembe sankalola kavalo kukhala moyo. Umboni wake uli m'mbiri ya boma la Zomba lenileni: mu 1891 Captain Cecil Maguire anabwera ndi asilikali a ku India, ena mwa iwo okwera akavalo a ku Hyderabad, koma dziko linakana akavalo, ndipo magulu otsatira anali a Asikh oyenda pansi. Akavalo angathe kukhala pamwamba pa phiri pamene pali pozizira, koma nkhondo siinkamenyedwera pamwambapo pokha. Ndiye pali nkhani ya mtengo. Chitsulo cha m'ng'anjo chinkatuluka pang'onopang'ono, ndi makala ambiri ndi thukuta la anthu ambiri, ndipo khasu linali chuma chogulira zinthu zina. Mfumu yoveka munthu mmodzi chitsulo thupi lonse ikanalanda makasu a mudzi. Wolemba angathe kupeka mfumu yotere, koma nkhani yake iyenera kuonetsa minda yosalimidwa ndi anthu ong'ung'udza, apo ayi owerenga sangakhulupirire.

Zinthu zinasintha mofulumira m'zaka za m'ma 1860. Ayao ochokera kum'mawa, ku Mozambique ya lero, anakhazikika kuzungulira phirili, ndipo maufumu a Malemia, Kuntumanji, Mlumbe ndi Chikowi akuchokera m'nyengo imeneyo, pamene Kawinga anakhala pa phiri la Chikala kumpoto. Amishoni a Bishopu Mackenzie amene anamanga ku Magomero mu 1861 anagwera m'kati mwa nkhondozi, ndipo njala ya 1862 ndi 1863 inamaliza zimene nkhondo inasiya. Mphamvu ya mafumu achiyao inali m'malonda a ku gombe, kumene minyanga ndi akapolo ankasinthanitsidwa ndi mfuti zagogodera, wonga, mikanda ndi nsalu. Motero maonekedwe a munthu wamphamvu anakhala ena: mfuti paphewa, nyanga ya wonga m'chiuno, ndi nsalu yambiri ya merikani, yowombedwa kutali ku America, kapena ya kaniki. Kuchuluka kwa nsalu pathupi kunkalengeza kuchuluka kwa anthu amene munthuyo ankawalamula, ndipo Chisilamu chitafala anawonjezera mkanjo ndi kofiya. Kenaka mu 1884 Angoni a Maseko, pansi pa Chikuse, anawoloka Shire n'kusakaza midzi ya kumtunda, anthu n'kuthawira m'mapiri. Iwo ndiwo anabweretsa chida chimene chikufanana kwambiri ndi zimene owerenga nthano amayembekezera: chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe, nthungo yaifupi yobayira pafupi, chibonga, nyoni ya nthenga kumutu ndi michira ya ng'ombe m'mikono. Chishangocho chinali yankho labwino zedi pa muvi, ndipo n'chifukwa chake anthu a mauta ankachiopa. Komatu nachonso chinali mwana wa chuma chake. Chikopa cha ng'ombe imodzi chimatulutsa chishango chimodzi kapena ziwiri, choncho gulu lankhondo la zishango limafuna makola odzaza, monga a kumtunda kwa Ntcheu ndi Dedza. Ndipo chitakumana ndi mfuti zamakono chinagonja: Gomani anaphedwa mu 1896, Angoni a Mpezeni n'kugonjetsedwa mu 1898.

Pano mpofunika kuchenjeza, chifukwa wojambula akauzidwa kuti asiye chitsulo cha ku Ulaya amalumphira pa Mngoni, ngati kuti msilikali aliyense wa ku Africa anali wa Shaka. Kwa munthu wa ku Zomba wa m'zaka zimenezo, nyoni ndi chishango zinali maonekedwe a mdani wotsika kuchokera kutsidya kwa mtsinje. Ngwazi ya m'mudzi wa m'mphepete mwa Likangala ikavala zimenezi, nkhani iyenera kunena kuti inazipeza bwanji: inagwidwa ili mwana n'kukulira ku Ungoni, monga zinachitikira ambiri, kapena inavula mtembo. Mwa njira iliyonse chovalacho chayamba kale kusimba nkhani. Ponena za anthu wamba, chitetezo chawo chachikulu sichinkavalidwa n'komwe. Chinali linga lozungulira mudzi, chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, ndi phiri lenilenilo, limene nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, lokhala ndi maphompho oti munthu mmodzi wogubuduza miyala angatsekereze gulu. Ngwazi yodziwa tinjira ta m'phirimo, ya mapazi olimba ndi katundu wopepuka, ili ndi chitetezo choposa cha wovala makilogalamu 25 amene akukwera chitunda cha Ku Chawe mu October.

Koma chovala chankhondo chenicheni cha dera lino, chimene anthu ankachikhulupirira koposa chikopa, chinali mankhwala: mphini zotemedwa n'kupakidwa phulusa la mitsitsi, chithumwa m'khosi kapena pamkono, mphinjiri, ndi zizimba zake. Kwa wolemba nkhani ichi ndi chuma, chifukwa mankhwala otere amayenda ndi malamulo. Wokhwima amapatsidwa zoletsa, kaya za chakudya, kaya za kugona, kaya zoti asacheuke pankhondo, ndipo akaphwanya chimodzi chitetezo chimatha. Nthano ya M'bona, imene Matthew Schoffeleers anaifufuza kwa zaka zambiri ku Khulubvi m'boma la Nsanje, imati adani ake analephera kumupha ndi zida zachitsulo, mpaka iye mwini anawaululira kanthu kofewa ka kutchire kamene kakanamudula. Steve Chimombo anatenga nkhani ya M'bona n'kulemba sewero la The Rainmaker, lotsindikizidwa mu 1978. Ndipo izi si za makedzana okha. Ankhondo a Maji Maji ku Tanganyika, kuyambira 1905 mpaka 1907, ankakhulupirira madzi osungunula zipolopolo. Kufupi ndi kwathu, m'chigawo cha Zambézia, gulu la Naparama la Manuel António linalimbana ndi Renamo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi mikondo ndi zikwanje, litatemera mphini zoletsa zipolopolo ndi kumanga tinsalu tofiira, mpaka mtsogoleriyo anaphedwa mu December 1991. Ena adzati kulemba zotere n'kulimbikitsa zaufiti, m'dziko limene okalamba amavutitsidwa ndi kuphedwa powanamizira. Nkhawayo ndi yomveka, koma ikuphonya kusiyana kumene makolo ankakudziwa pakati pa mankhwala otsirika ndi ufiti wopweteka mnzako. Komanso mbiri yomweyi ikupereka mankhwala a nkhawayo, pakuti M'bona anafa, ankhondo a Maji Maji anagwa ndi zipolopolo, Manuel António naye anagwa. Wolemba woona mtima akaveka ngwazi yake mphini, amaonetsanso mtengo wake ndi tsiku limene zinalephera.

Munthu amene analinganiza mwadala maonekedwe a msilikali wa boma la Zomba anali Harry Johnston, amene anakhazikitsa likulu la boma pano mu 1891, m'nyumba imene John Buchanan anamanga. Johnston anali wojambula wophunzira, ndipo atapuma ntchito analembanso mabuku a nkhani zopeka. Anasankha mitundu itatu, wakuda, wachikasu ndi woyera, yoimira Aafirika, Amwenye ndi Azungu, n'kuiika pa zovala za asilikali ake. Zovalazo sizikanaletsa muvi ngakhale umodzi, ndipo sichinali cholinga chake. Zinali zoti munthu wa kwa Kawinga, amene anagonjetsedwa mu 1895, akaziona patali adziwe kuti kumbuyo kwa munthu mmodziyu kuli boma lonse. Gulu la King's African Rifles litakhazikitsidwa mu 1902, magulu awiri oyamba anali a Nyasaland, ndipo ankadziwika ndi chisoti cha fezi chakuda pamene anzawo ambiri ankavala chofiira. Msilikali wa khaki, wokulunga nsalu m'miyendo, nthawi zambiri wopanda nsapato, anakhala chithunzi chatsopano cha mphamvu. M'nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino anavala yunifolomu, pamene ena pafupifupi 200,000 anasenza katundu ngati amtengatenga, ambiri osapatsidwa chovala chokwanira, ndipo nsanja ya njerwa yoima pafupi ndi Cobbe Barracks ikukumbutsa za akufa. Chochititsa chidwi n'chakuti anthu anaitenga yunifolomuyo n'kuisandutsa gule. Beni wa Ayao ndi malipenga a kunyanja ali ndi maudindo, mamendulo, malamba ndi perete, zonse zosokedwa ndi telala wa pamudzi. Ovinawo anazindikira kuti mphamvu ya chovalacho ili m'maso mwa oonera, ndipo anaibwereka. Ngakhale Kamuzu Banda, ndi suti yake ya zidutswa zitatu, chipewa chakuda, magalasi ndi litchowa, anali kuyenda m'njira yomweyo.

Chilombo chachikulu cha m'nthano za Zomba sichinavalepo kanthu, ndipo palibe anganene motsimikiza kuti nkhope yake njotani. Mu December 1946 mvula yoopsa inagwa pa phirili, nthaka inagumuka, madzi anakokolola milatho ndi nyumba, anthu n'kufa, ndipo anthu anati Napolo wadutsa, chinjoka cha pansi pa phiri chikusamukira kunyanja. Dzina lomweli linamvekanso ku Phalombe mu March 1991, ndiponso namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu 2023. Chimene anthu amaona ndi njira yake: chigwembe chofiira pa phiri, miyala yaikulu pakati pa munda, mitengo yozulidwa. Chimombo, wobadwa mu 1945 ndipo anaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College, anabwerera kwa Napolo mobwerezabwereza, mu Napolo Poems ya 1987, Napolo and the Python ya 1994 ndi The Wrath of Napolo ya 2000. Analemba zambiri mwa ndakatulozo m'nyengo imene bungwe lounika mabuku linkasefa liwu lililonse, ndipo mnzake Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu, kunja kwa tauni yomweyi, kuyambira 1987 mpaka 1991. Mphamvu yosaoneka yogwetsa aliyense mosasankha inkatha kutanthauza madzi kwa wounika mabuku, n'kutanthauza zina kwa wowerenga wochenjera. Wojambula amene lero angamupatse Napolo mapiko, mamba ndi moto m'kamwa ngati zinjoka za m'mafilimu wamuchepetsa, chifukwa chinthu chimene wachiona chonse umayamba kuganiza kobaya.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse n'chakuti nkhani yopeka ndi ufulu, ndipo kuuza Mmalawi kuti ajambule zikopa ndi mphini zokha n'kumutsekera m'nyumba yosungiramo zakale, pamene wolemba wa ku London amaloledwa kupeka chilichonse. Shadreck Chikoti, m'buku lake la Azotus the Kingdom, anaika nkhani yake zaka mazana kutsogolo, ndipo palibe angamuuze kuti anthu ake avale nyanda. Zimenezo n'zoona, ndipo mfundo ya nkhani ino si yoti wolemba azikopera zakale. Ndi yoti chopeka chikhale ndi muzu ndi chifukwa. Ruth Carter, amene analandira mphoto ya Oscar mu 2019 chifukwa cha zovala za mufilimu ya Black Panther, anapeka dziko la m'tsogolo potenga mabulangete a Abasotho, mikanda ya Amaasai ndi mphete za m'khosi za Andebele, ngakhale kuti kusakaniza kotere kumabala Africa ya paliponse, yopanda mudzi weniweni. Ife tili ndi sukulu yathuyathu ya luso limeneli, Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Kumeneko maonekedwe alionse ali ndi mwambo: kufiira kwa Simoni, ukalamba wa Chadzunda, thupi la Kasiyamaliro lobisa ovina m'kati. Ndipo gule sanaime malo amodzi, popeza anameza mzungu, galimoto ndi anthu a m'Baibulo n'kuwasandutsa ake. Zigoba mazanamazana zosungidwa ku Mua, pa malo a Kungoni amene Claude Boucher anayambitsa mu 1976, zikuchitira umboni. Choyenera kubwereka ndi nzeru yopangira, osati zilombo zenizenizo, zimene zili ndi eni ake ku dambwe. Ngwazi ya mu 2500 ingavale chovala cha magetsi, koma ngati mphamvu yake imatha mwiniwake akaphwanya choletsa, owerenga a ku Chinamwali adzachizindikira msanga kuti n'chakwawo.

Ntchito yotsala ndi ya kusamala ndi zaka, ndipo apa ambiri amapunthwa. Mitengo ya paini imene yakuta mbali zina za phirili inayamba kudzalidwa m'nthawi ya atsamunda, choncho mlenje wa mu 1860 sangabisale m'menemo. Malo ake ndi udzu wa pamwamba ndi nkhalango za m'makwawa. Damu la Mulunguzi ndi la dzulodzulo. Zovala zimene ovina ngoma amavala lero pa miyambo ya chaka ndi chaka zasakanizika ndi nsalu za m'sitolo ndi zikopa zochita kupanga, pamene pelele anasiyidwa kalekale moti ana ambiri a ku Zomba sanamumvepo. Zithunzi zakale, monga zosungidwa ku National Archives mumzinda womwewu, n'zothandiza, koma zambiri zinajambulidwa ndi ogonjetsa, anthu ataimikidwa pamzere ndi kugwiritsidwa mikondo kuti aoneke monga wojambulayo ankafunira. Chithunzi cha Mngoni chojambulidwa 1896 itadutsa chimaonetsa munthu amene boma linali litamuletsa kale kumenya nkhondo, ndipo chishango chili m'dzanja lakecho mwina chinali chitayamba kale ntchito yake yatsopano ya pa bwalo la gule.